Mphaka adafa ndi mankhwala a ndevu, mlandu nkugwera mnansi

Kwathu kuno ku Angónia mwezi wa Juni suchita kulengezedwa pa wailesi. Chisanu chimayamba dzuwa lisanalowe, ndipo pofika usiku chamoyo chilichonse chimafuna pofunda. Nkhuku zimathinana m'khola, galu amadzipinda paphulusa, mphaka naye amazembera m'nyumba nkukagona kumutu kwa munthu. Ndi nthawi yomweyonso pamene chimanga chimakhala chitangolowa m'nkhokwe, makoswe ali paukwati, ndiye pakhomo pamene pali mphaka wogwira bwino eni ake amamuwerengera ngati mlonda wosalira malipiro.

Amayi anga adali ndi mphaka wotere, wamkazi, wamawangamawanga, amene adakhala nawo zaka zisanu. Chifikire iye pakhomopo, matumba a nyemba adaleka kubowoka ndipo mbeu ya chimanga inkafika Novembala ili yathunthu.

Mu Juni 2023 mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adabwera kudzamanga chiliza cha malemu bambo athu. Adakwera basi zija zodzera ku Beitbridge ndi ku Nyamapanda, kulowera pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kudzafika kumudzi atatopa ngati wolima tsiku lonse. Adabweretsa mabulangete, shuga ndi nsapato za ana, koma chimene anthu adachikamba kwambiri ndi ndevu zake. Mnyamata amene adachoka kuno ali ndi tindevu towerengeka ngati ta mlamba adabwera chibwano chili bii, ndipo anzake ankamuzungulira kufunsa kuti wadya chiyani ku Joni. Iye ankangoseka, koma m'mawa ndi madzulo ankatulutsa kabotolo m'chikwama, kudonthezera timadzi m'manja nkumapaka m'masaya ndi pachibwano.

Adagona m'nyumba ya amayi, pamatiresi a pansi. Mphaka uja, poona kuti pabwera bulangete latsopano, adasamukira pomwepo.

Tsiku lachinayi mphaka adakana chakudya. Adakabisala pansi pa nkhokwe, ndipo amayi atamukoka adapeza ali lefu, makutu ndi mapazi zili zii ngati mwala wa kudambo, akupuma kukamwa kuli yasa, mimba ikugunda ngati mvukuto. Adayesa kumupatsa mkaka, sadanunkhize nkomwe. M'mawa mwake adapezeka atauma, timadzi tathovu tikutuluka m'mphuno.

Inu awerengi mukudziwa mmene nkhani zotere zimayendera kumudzi. Chiweto chonenepa sichingofa chokha, payenera kukhala munthu. Tsono mwatsoka, mwezi wa Epulo chaka chomwecho mphakayu adagwira anapiye awiri a mayi wina woyandikana nafe, ndipo mayiyo mkwiyo uli m'khosi adanena pagulu kuti tsiku lina adzathana naye. Amayi sadafune umboni wina. Adayima pakati pa bwalo nkufuula kuti aliyense amve: "Achemwali, munanena kuti mudzathana naye, lero mtima wanu wakhala pansi. Mukagwire nokha makoswe a m'nkhokwe mwangamu!" Mayi uja adalumbira kuti sadathire chilichonse, nkhani idapita kwa anyakwawa, ndipo mabanja awiri amene akhala akubwerekana moto ndi mchere kuyambira pobwera kothawa nkhondo adaleka kupatsana moni. Ana adaletsedwa kusewerera limodzi. Pamwambo wa chiliza banja lija silidabwere.

Choonadi chidatulukira mwangozi. Tsiku lonyamuka, mng'ono wanga adandiyang'ana pamutu nati, "Achimwene, dazi layamba kusuzumira apa. Tengani botolo ili, ine ndikagula lina." Ndidalandira, popeza ngakhale ife a pa wailesi anthu sationa, kunyumba amationa. Pabotolopo padalembedwa kuti Minoxidil 5%. Madzulo ndidatsegula foni kuti ndione kapakidwe kake, ndipo ndisanawerenge patali ndidakumana ndi machenjezo a madokotala a ziweto, m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi momwe, onena kuti mankhwalawa amapha amphaka. Zizindikiro zimene adatchula zidali zomwe zija amayi adaziona pansi pa nkhokwe.

Ndidamuyimbira basi yake isanatuluke mu Tete. Nditamufunsa ngati mphaka adakhudzako mankhwala aja, adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Achimwene, usiku uliwonse ankandinyambita ndevu. Ine ndinkangoona ngati chikondi."

Kodi mankhwala amenewa ndi otani kuti malovu ochepa chabe a pandevu agwetse nyama imene imalimbana ndi njoka?

Minoxidil sadapangidwe chifukwa cha tsitsi ayi. Kampani ya Upjohn ya ku Kalamazoo m'dziko la America inkafunafuna mankhwala a zilonda za m'mimba, ndipo poyesa mankhwala ena pa agalu idaona kuti zilonda sizikupola koma mitsempha ya magazi ikutakasuka kwambiri. Idapitiriza kusakaniza mpaka mu 1963 idapeza minoxidil, ndipo mu 1979 boma la America lidawavomereza ngati mapiritsi otchedwa Loniten, a anthu amene magazi awo amathamanga kwambiri moti mankhwala ena alephera. Matenda ake ndi omwe aja kuchipatala kuno amati tensão alta. Odwala atayamba kumwa, madokotala adadabwa kuona tsitsi ndi ubweya zikumera, ena mpaka pamphumi ndi kumsana. Kampani ija idaona malonda, idasungunula mankhwalawo m'madzi osakaniza ndi sipiriti, ndipo mu 1988 adavomerezedwa kukhala opaka padazi ndi dzina loti Rogaine. Kumaiko ena, kuphatikizapo South Africa, dzina lake ndi Regaine. Lero makampani ambiri akupanga, ena amadzi, ena athovu, ena opopera, ndipo maina a pabotolo ndi osiyanasiyana monga Kirkland ndi ena, koma mukayang'ana timalemba ting'onoting'ono mupeza liwu lomwelo loti minoxidil, pambali pake 2% kapena 5%.

Choncho chimene mnyamata akupaka pachibwano ndi mankhwala amphamvu a mtima ndi magazi. Tiyeni tiwerengere limodzi. M'botolo la 5%, mililita imodzi, yomwe ndi muyezo wopaka kamodzi, muli mamiligalamu 50. Piritsi lalikulu la Loniten ndi la mamiligalamu 10. Ndiye kuti kupaka kamodzi kokha ndi mapiritsi asanu, ndipo kabotolo ka mamililita 60 kangafanane ndi mapiritsi 300. Kwa munthu sizioneka zoopsa chifukwa khungu lathu limalowetsa pang'ono pokha, zambiri zimatsalira pamwamba. Koma zotsalira pamwambazo ndi zimene mphaka amanyambita, ndipo iye thupi lonse ndi makilogalamu atatu kapena anayi basi.

Kuchepa thupi ndi chifukwa choyamba. Chachiwiri chili m'chiwindi. Munthu akamwa minoxidil, chiwindi chake chimawamanga pamodzi ndi kanthu kena konga shuga, akatero amafooka nkutuluka ndi mkodzo. Chiwindi cha mphaka ntchito imeneyi chimaigwira mofooka kwambiri, chibadwa chake nchotero, popeza makolo ake akhala akudya nyama yokhayokha. Apa ndipatukeko pang'ono: chifukwa chomwechi ndi chimene chimachititsa kuti piritsi limodzi la paracetamol, lomwe ife timangoti panado, liphe mphaka. Alipo anthu achifundo amene amaphwanyira chiweto chodwala panado m'phala. Kwa mphaka chifundo chimenecho ndi imfa.

Chifukwa chachitatu ndi ukhondo wake. Galu akaponda chinthu amangopita, koma mphaka chilichonse chimene chakhudza ubweya wake kapena phazi lake amachichotsa ndi lilime. Akagona papilo pamene pagona mutu wopakidwa, akadzikhula pachibwano cha mbuye wake, akaponda pamene padonthera, akasisitidwa ndi dzanja losasamba, zonsezo zimathera m'mimba. Ena amaganiza kuti mankhwala akauma ndiye kuti atha. Chimene chimauluka ndi sipiriti, mankhwala enieniwo amatsala papilo, pachipewa, pachisa chopesera ndi pathaulo.

Akalowa m'thupi amachita ntchito yawo yakale ija, koma mopitirira. Mitsempha imatakasuka, magazi amayenda mofooka, nchifukwa chake makutu ndi mapazi zimazizira. Mtima umathamanga kuti ubwezere mpaka umatopa. Kenaka madzi amayamba kudzadza m'mapapo ndi m'chifuwa mozungulira mapapowo, ndipo nyama ija imakhala ngati ikumira ili pamtunda. Izi zikhoza kuyamba patangopita maola ochepa, kapena kudikira tsiku lathunthu ndi kupitirira, ndiye mwini wake akamadzaona vuto saganizanso za botolo la dzana.

Madokotala a ziweto akhala akulemba za ngoziyi kwa zaka zoposa 20. Mu 2004 ku America adafotokoza za amphaka awiri amene eni ake adawapaka minoxidil pamalo pamene padasosoka ubweya, poganiza kuti chothandiza dazi la munthu chithandizanso chiweto. Pasanathe maola 36 onse awiri adalefuka nkuyamba kubanika, ndipo onse adafa, m'chifuwa mwawo mutadzadza madzi. Nkhani imeneyi ikutikhudza ife kuno, chifukwa amphaka ndi agalu a zigamba za chipere kapena mphere ndi ambiri m'midzi mwathu, ndipo mwana wanzeru zofulumira akhoza kutenga botolo la atsibweni ake kuti achiritse chiweto.

Mu 2021 kudatulukanso kafukufuku wina wochokera m'mabuku a bungwe la ASPCA la ku America komweko, lomwe lili ndi ofesi yolandira mafoni a anthu amene ziweto zawo zadya poizoni. Adawerenga nkhani 211 za agalu ndi amphaka amene adakhudzana ndi minoxidil wopaka kuyambira 2001 mpaka 2019. Mwa ziweto 87 zodwala zimene nkhani zawo adazifufuza bwino, 62 adali amphaka, ndipo amphaka 8 mwa 62 amenewo adafa. Ambiri sadapatsidwe dala. Adanyambita khungu la mbuye wawo kapena pilo, ena adawazikiridwa botolo litatayika, ndipo ena adadwala ndi timadontho chabe. Agalu ambiri adazipeza pofukula zinyalala nkutafuna botolo. Musaiwale kuti kumeneko ndi ku America, kumene chipatala cha ziweto chili pafupi, chili ndi mpweya wa okosijeni ndi makina ounikira m'chifuwa. Nanga mphaka wa ku Domué kapena ku Tsangano angathamangire kuti?

Zaka zapitazo nkhaniyi ikadakhala ya azungu okha. Lero mabotolowa akubwera m'zikwama za ana athu ochokera ku Joni, akugulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo anyamata amauzana m'malo ometera tsitsi. Ngakhale pepala la m'bokosi limanena kuti ndi opaka pamutu pokha, ambiri akugulira ndevu. Amayi nawo amene tsitsi la m'mphepete mwa mutu lidathothoka chifukwa choluka mokoka kwambiri akupakanso. Ndipo mankhwalawa si opaka sabata imodzi. Wopaka amayenera kudikira miyezi kuti aone kusintha, ndipo wa dazi akasiya, tsitsi lija limathothokanso pakapita miyezi itatu kapena inayi. Choncho nyumba imene mwalowa botolo limodzi, mankhwalawo amakhalamo m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka.

Ine sindikuti anthu asiye kufuna tsitsi. Dazi limawawa mumtima, ndikudziwa ndine. Koma maganizo anga ndi akuti m'nyumba zathu za chipinda chimodzi kapena ziwiri, zopanda zitseko zam'kati, momwe mphaka amalowera pazenera ndi pansi pa denga, munthu ayenera kusankha chimodzi, botolo kapena mphaka. Malangizo a kunja amati tsekerani mphaka kunja kwa chipinda chogona. Amene adalemba zimenezo sadaonepo nyumba yotchinga ndi nsalu pakhomo la kuchipinda.

Amene ali ndi chipinda chotsekeka ndipo wasankha kupitiriza, apakire m'chipindamo chitseko chili chotseka, asambe m'manja ndi sopo nthawi yomweyo, madzi osambawo akatayidwe m'chimbudzi osati pabwalo pamene ziweto zimamwa. Mphaka asalowemo m'chipindamo usana kapena usiku, ndipo asaloledwe kunyambita kapena kudzikhula pamutu, pankhope ndi m'manja. Pilo, thaulo ndi chipewa zisasiyidwe pamkeka. Pakadonthera, pukutani ndi kansanza konyowa ka sopo, kansanzako kaponyedwe m'chimbudzi. Botolo lotha nalonso lipite m'chimbudzi chokumba, osati kudzala kumene agalu amafukula ndi kumene ana amatola zoseweretsa. Mwana akamwa madzi amenewa ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo, choncho malo a botolo ndi m'sutikesi yokhoma. Chimodzimodzi mapiritsi ake, popeza masiku ano alipo ena amene amamwa minoxidil wa mapiritsi chifukwa cha tsitsi. Pepala la m'bokosi limaletsanso amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndipo limachenjeza kuti madziwa amayaka, ndiye si opakira pafupi ndi koloboyi kapena mbaula.

Tsono ngati ngozi yachitika kale, mwaona mphaka wanyambita kapena wathiridwa, musadikire kuti ayambe kudwala. Mutsukeni pamalopo ndi sopo ndi madzi ofunda, mubwereze kawiri kapena katatu, mumupukute aume ndipo mumufunditse, chifukwa chisanu chimamufooketsa msanga. Musamukakamize mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere kuti asanze. Zimenezi sizichotsa poizoni, ndipo nyama yobanika ukaithira madzi kukamwa amalowera m'mapapo. Yimbirani mlangizi wa ziweto wa ku SDAE kapena dokotala wa ziweto amene mungamupeze, mumuwerengere dzina la pabotolo, ndipo popita kumeneko botololo mulitenge. Mankhwala ofafaniza minoxidil m'thupi kulibe. Chimene madokotala amachita ndi kupereka mpweya, kupopa madzi m'chifuwa ndi jakisoni, ndi kuchirikiza mtima ndi magazi kufikira poizoni atatha yekha, ndipo amphaka ofika msanga ambiri amapulumuka.

Chizindikiro chosafuna sukulu ndi kapumidwe. Galu amapuma lilime lili panja kukatentha, ndi chibadwa chake. Mphaka satero. Mukaona mphaka wangokhala koma akupuma kukamwa kuli kotsegula, kapena mwawerenga kuti chifuwa chake chikukwera koposa ka 40 pa mphindi imodzi ali chigonere, zinthu zavuta. Mukakweza mlomo wake, nkhama zathanzi zimakhala zofiirira, koma zikayera kapena kuderako ndiye kuti mpweya sukufika. Pomugwira mukulungeni m'chiguduli, popeza nyama yovutika imaluma ngakhale mbuye wake. Ndipo kumbukirani kuti chiwewe chilipo m'dera lathu lino. Aliyense wolumidwa kapena wokandidwa ndi chiweto chodwala atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 nkupita kuchipatala tsiku lomwelo, asamangoti mwina ndi mankhwala a ndevu.

Nditamva yankho la mng'ono wanga ndidakwera chapa Loweruka lomwelo kupita kumudzi. Kuuza amayi sikudali kophweka. Adandimvetsera mpaka kumapeto, nkundifunsa kuti, "Ndiye ukuti wapha mphaka wanga ndi mwana wanga yemwe?" Ndidati adapha ndi botolo, mwanayo sankadziwa. Adakhala duu nthawi yaitali akuyang'ana kunkhokwe. Kenaka adafunsa ngati mayi uja adamva kale, ndidati ayi.

Tidapita kwa anyakwawa ndi botolo lija m'manja. Ndidafotokoza zonse monga ndafotokozera pano, ndipo akuluakulu adalipatsirana botololo, aliyense kulinunkhiza nkupukusa mutu. Mkulu wina adafunsa ngati lingagwire ntchito pa makoswe, anthu nkuseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kudafewetsa bwalo. Anyakwawa adagamula kuti amayi apepese ndi nkhuku. Adapereka thadzi lalikulu, adagwada nati, "Achemwali, pakamwa panga padathamanga. Ndikhululukireni." Mayi uja adalandira nkhukuyo koma sadayankhe zambiri, ndipo padapita miyezi iwiri asanabwerenso kudzapala moto kwathu. Chiliza chidali chitamangidwa kale iye kulibe, ndipo zimenezo amazitchulabe.

Chaka chimenecho makoswe adadya. Pofika Okutobala amayi adachita kukagula mbeu ya nyemba kumsika wa ku Ulónguè, chinthu chimene adali asanachitepo zaka zisanu. Kamphaka kamene ali nako tsopano adakapeza mu Janyuwale 2024, kochokera kwa mlongo wake wa mayi yemwe uja.

Mng'ono wanga akupakabe, akuti kumene amakhala ku Johannesburg kulibe mphaka. Adabweranso pa Khirisimasi ya 2025, ndipo asanalowe m'nyumba amayi adamuuza kuti atsegule chikwama pakhonde. Botolo lidakasungidwa kwa ine ku Ulónguè mpaka tsiku lobwerera, iye adasamba kumaso ndi sopo katatu, ndipo adagona kugowelo kwa anyamata. Botolo loyamba lija lili m'kabati yokhoma kuntchito kwanga, ndimalitulutsa ndikamapita kukacheza ndi magulu a alimi kuti aone malembedwe a dzinalo. Pamutu panga silidafikepo.